Ankhoswe Awiri, Bulangete Limodzi

Ku Chulu mukafunsa njira ya kwa a Lefina, anthu amakulozerani, kenako nkukuchenjezani kuti mupite ndi nkhani yokonzakonza, chifukwa mayi aja sagonja pa mkangano. Ndi mayi wamfupi, wodzaza bwino kumbuyoku, wa mawu oti akaitana mbuzi zawo kudambo zimabwera ndi za eni ake zomwe. Sukulu anailekeza msanga, koma kumjigo, kuchigwirizano cha amayi ngakhale pamaliro, nkhani ikazungulirazungulira imakathera pakamwa pawo.

Amuna awo, a Masautso, nawonso mlomo anapatsidwa. Paunyamata wawo anagwirako umesenjala kukhoti la kuboma. Ntchito yake inali yoitana mayina pakhomo basi, koma iwo anabwerako ndi mayendedwe a loya, jekete lakuda, chipewa chachikulu ndi chikwama chachikopa. M'chikwamamo simukhala kanthu kupatula kampango kopukutira thukuta ndi mtedza wokazinga. Awiriwa akayamba kukangana za kuti mvula igwa liti, ana oyandikana nawo amabwera ndi timipando. Ndiye anthu anangowatcha maloya a ku Chulu, ndipo eni ake dzinali amalikonda kwabasi.

A Masautso anali ndi mbiri inanso: yofolera. Denga la nyumba yawo ndi la chigafa chawo chopachikamo fodya zinali zosalala mochititsa kaso, ndipo sizinkadontha. Khomo lawo lili patali ndi njira, kuseri kwa mitengo ya bulugamu, koma chaka chilichonse odutsa ankaona munthu wa ovolosi yabuluu ndi chipewa chachikulu chija ali pamwamba, akuyala udzu. Ena akabwera kudzawapempha kuti akawafolerere, a Masautso ankapukusa mutu mwaulemu, amvekere, "Luso langa si logulitsa."

Zoona zake ndi izi. Atangolowa chikamwini, ntchito yoyamba imene apongozi anawapatsa inali yofolera kanyumba kawo. Anakwera ndithu. A Lefina pobwera ndi thobwa anawapeza atagona chafufumimba pamwamba, atakumbatira mtanda, maso ali tseke, akuimba nyimbo ya maliro chapansipansi. Munthuyo anali ndi chizungulire choopsa. Mkazi wina akanaseka mpaka mudzi wonse kumva. A Lefina anasekadi, koma chamumtima, chifukwa mnyamatayo ankamukonda zedi. Anawatsitsa mwendo umodziumodzi, nkuwavula ovolosi ndi chipewa, nkuvala iwo. Kuyambira tsiku limenelo wokwera anali mkazi, mwamuna ali kuseri kwa nyumba kuponya mitolo ya udzu. Ana anabadwa, kuyambira Chikhumbo, mwana wawo woyamba, anakula, anakwatira, chinsinsi chili chikhalire.

Wina yekha wodziwa anali Nthanda, mwana wa malemu achemwali awo a Lefina, amene anakulira pakhomopo. Iyeyo ankaona zonse, ndipo analumbiritsidwa kuti asadzatsegule pakamwa.

Nthanda uja atakula anakwatiwa ndi Frazer, mwana wa mlongo wawo wa a Masautso. Paukwati pamafunika ankhoswe, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, oti banja likagwedezeka azikhala pansi nkulikonza. Wa kuchimuna analipo kale, a Masautso, malume ake a mnyamata. Koma malume ake a Nthanda anapita ku Joni kalekale osabwerako, ndiye abale anati a Lefina agwirizire. Aliyense anayamikira. Ankati zaphweka, ankhoswe ofunda bulangete limodzi, mlandu uzithera pamtsamiro. Sanadziwe chimene ankanena.

Chaka chimenecho fodya wa Frazer ndi Nthanda anachita bwino, masamba ngati makutu a njovu. Koma chigafa chinali chibowolebowole, ndipo mvula ya mu Januwale simvera za munthu. Udzu unalipo, pepala la pulasitiki linalipo, luzi linalipo. Chosowa chinali Frazer. Iye ankati mawa, mawa likafika ali kukaonera mpira pa siteji. Fodya woyamba atayamba kupsa m'munda, Nthanda anadzuka m'mawa wina, anavala buluku la mwamuna wake mkati mwa chitenje, nakwera. Pomwe dzuwa limapendeka, chigafa chinali chitavala.

Tsoka lake, chigafacho chili m'mbali mwa msewu. Anyamata a kabaza anaima, wina anajambula pafoni, ndipo madzulo ake kanemayo anali atafika mpaka ku Lukwa. Frazer polowa pa siteji anamulandira ndi m'manja. Wina anamufunsa ngati watsiriza kutsuka mbale. Wina anati mnyamatayu anamudyetsa khuzumule. Frazer anabwerera kunyumba mtima uli phuliphuli, anamangirira wailesi ndi nsapato panjinga, napita kwa amayi ake. Anasiya mawu akuti sabwerera mpaka mkaziyo apepese ndi nkhuku, ndiponso udzuwo usasulidwe kuti afolere yekha ngati mwamuna. Nthanda anayankha kuti kupepesa chifukwa chopulumutsa fodya, bola banja lithe.

Basi mlandu unagwera m'nyumba ya maloya. Anagwirizana kuti ukambidwa Loweruka, pakhomo pa Nthanda, ndipo a Lazaro, mkulu wa mpingo wodekha uja, akhale pakati.

Poyamba ankhoswe awiriwo anapangana zaulemu, kuti mlandu uzitsala pakhonde pamodzi ndi nsapato. Panganolo silinafike ndi madzulo omwe. A Lefina atabweretsa futali wa mbatata, wothira nsinjiro zambiri monga amaukondera bambowo, a Masautso anayang'ana mbaleyo, anameza malovu, naikankhira kutali.

"Mayi a Chikhumbo, pepani. Sindingadye chakudya cha mbali inayo. Zimenezi kukhoti timati ziphuphu."

"Ziphuphu? Futali amene mwakhala mukunyambita mbale yake chikwatirireni?"

"Nthawi imeneyo munali akazi anga. Sabata ino ndinu nkhoswe ya oimbidwa mlandu."

"Chabwino, a loya. Nanga bulangete? Nalonso ndi la mbali inayo, ndinagula ndine."

"Bulangete ndi nkhani ina," anatero a Masautso mofulumira. "Lilibe mbali."

Kuyambira pamenepo bambowo ankakadya mandasi ndi tiyi pa siteji, kwa a Rahila, mayi wa tiyirumu. Masana ankaima kukhola, chikwama m'khwapa, kuyeserera mawu awo pamaso pa mbuzi. A Lefina ankayeserera awo akuswa mtedza, ndipo mtedzawo unkaphwanyika mpaka kusanduka nsinjiro usanalowe mumtondo. Akakumana pakhomo ankapatsana moni wa alendo. Anthu ankaseka, iwonso ankaseka, koma usaone kuseka. Mbale ija yobwerera yosakhudzidwa inkawapweteka a Lefina. M'banja lawo anali atakanganapo za chilichonse, koma chakudya chawo chinali chisanakanidwepo.

Mungadabwe kuti munthu wa chinsinsi chotere analimba bwanji mtima kukaimira mlandu wotsutsa mkazi wokwera padenga. Inenso ndimadabwa. Koma munthu ukayamikiridwa zaka zambiri pa chinthu chimene sunachite, umayamba kumva kutopa kwake m'mapewa. Komabe Lachisanu, akupukuta nsapato, anafunsa osayang'ana kumaso.

"Mayi a Chikhumbo, nkhani ija ya ovolosi. Imene ija si ya m'mlandu uno, eti?"

"Tikaonana mawa, a mbali inayo," anayankha a Lefina.

Anayankha mwamatama, koma nkhaniyo inawasautsa. Chida chopambanira anali nacho. Mawu awiri okha, mlandu watha, Nthanda wapulumuka. Koma mawu omwewo akanavula amuna awo pagulu, bambo wa imvi, amene ulemu wake wonse unali m'chipewa chija. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nthanda naye anali atabwera m'mawa, maso ali psuu, nkunena kuti, "Amayi, ine ndinalumbira, sindinena. Koma inu mukudziwa amene anandiphunzitsa. Musandisiye ndekha."

Mlandu wa ankhoswe sukhala wa gulu. Koma Loweruka limenelo zinangochitika kuti anthu ambiri a ku Chulu anasowetsa nkhuku zawo cha kufupi ndi chigafa cha Nthanda. A Rahila anatseka tiyirumu nkubwera kudzafuna bakha, chikhalirecho sanawetepo bakha. A Lazaro anayang'ana khamulo, anapumira m'mwamba, napemphera mwachidule. Frazer anakhala uku, Nthanda uko, aliyense akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

A Masautso anaimirira, anatsegula chikwama, anayang'anamo ngati muli zikalata, nachitsekanso.

"Akuluakulu, nkhani ndi yaifupi. Chiyambire makolo athu, mkazi amamweta udzu, mwamuna amafolera. Mkazi amazira pansi, mwamuna amakwera pamwamba. Tsono mkazi akakwera pamwamba, mwamuna apite kuti? Akwere mtambo? Muphwa wangayu lero sangadutse pa siteji. Ngakhale agalu akumuyang'ana mwachipongwe. Ulemu wa mwamuna ukagwa, sutoleka ndi manja!"

Amuna anang'ung'udza movomereza. A Lefina anadzuka, anamangitsa chitenje.

"Zikomo a nkhoswe anzanga, mwalankhula bwino, ndipo mbuzi zathu zakhala zikuvomereza mawu amenewa sabata yonse." Anthu anaphulika. "Koma ndifunse. Mvula ikamagwa, imayamba yafunsa kuti wafolera ndi wa ndevu kapena ayi? Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwanayu anadikira. Anadikira Lolemba, anadikira Lachiwiri, anadikira mpaka timu ya mwamuna wake inagonja kawiri. Fodya akanaola, lero tikanakhala pano kumuimba mlandu wa ulesi. Wapulumutsa fodya, tikumuimba mlandu wa khama. Tsono mkazi achite chiyani kuti akhale wosalakwa? Asanduke pulasitiki?"

"Ndikutsutsa!" anakuwa a Masautso.

"Mukutsutsa chiyani?"

"Ndikutsutsa kaye, chifukwa chake ndichipeza."

Amayi analuluta. Ngakhale Frazer anabisa kamwa m'kolala. Apa ndi pamene a Masautso, poona kuti bwalo likuwathawa, anaponda pamene sanayenera kuponda.

"Ndiponso," anatero akuloza ndi chikwama, "kufolera kwake nkotani kumeneku? Dzanja la mkazi limaoneka. Denga ili lidontha mvula yoyamba yomwe. Ndikunena ine, wodziwa ntchitoyi!"

A Lazaro anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Apo mwanena zomveka. Mwayi wake katswiri tili naye pompano. Anyamata, bweretsani makwerero. A Masautso akwere, akatiwonetse polakwika. Likakhala loipa, lisasulidwe."

Makwerero anabwera msangamsanga, aatali, amitengo ya bulugamu. A Lefina anaona nkhope ya amuna awo ikuchita mbuu. Anaona akuika chikwama pansi mosamala ngati akutsanzikana nacho. A Lefina anapita kukagwira makwererowo, poti ndani winanso akanawagwira? A Masautso anavula nsapato, phazi loyamba linakwera. Lachiwiri linatsatira. Atafika poti mutu walingana ndi udzu wa m'mphepete, makwerero anayamba kunjenjemera okha, ndipo a Lefina anamva kanyimbo kaja, ka maliro, kakutuluka chapansipansi.

Apa mlandu unali m'manja mwa a Lefina. Sankafunikanso kunena kanthu. Kungokhala chete pang'ono, aliyense akanadzionera yekha. Nthanda ankawayang'ana. Iwo anayang'ana pamakwerero, nkuona akakolo owonda aja, masokosi amene anasoka okha pachidendene, ndipo mtima unawawawa ngati tsiku loyamba lija.

"A Lazaro!" anaitana. "Atsike. Palibe chifukwa chokwerera. Ife a kuchikazi tavomera. Nkhuku tipereka."

Onse anayang'anana. Anthu a ku Chulu anali asanamvepo mawu akuti tavomera akutuluka pakamwa pamenepo. Nthanda anagwira kumaso nkuyamba kulira. A Lefina sanathe kumuyang'ana.

"Ndikutsutsa."

Mawuwo anachokera pamakwerero, aang'ono, onjenjemera. A Masautso anali atatsinzina, dzanja limodzi litakakamira mtengo. Ndi dzanja linalo anavula chipewa, anapapasa m'munsi mpaka anapeza mutu wa akazi awo, nachiveka pamwamba pa duku.

"Chipewachi chibwerere kwa mwini wake," anatero. "Akuluakulu, ine chibadwire sindinafolerepo ngakhale khola la nkhunda. Madenga onse mwakhala mukuyamikira aja ndi a mayi awa. Ine ntchito yanga ndi yoponya udzu, ndiponso nthawi zina ndimaphonya."

A Lefina anatseka maso, kudikira kuti dziko ligwe. Chimene anamva ndi kukhosomola kwa a Lazaro, kenako kuseka kwa a Rahila, kuseka kochokera pansi pa mimba.

"Koma a Masautso! Mukuyesa ndi nkhani yatsopano imeneyo? Ovolosi imabisa zambiri, bambo, koma sibisa mbina!"

Chigafa chinatsala pang'ono kugwa ndi phokoso. Amayi ankagwirana m'mapewa, amuna ankamenya zipewa pansi. Wina anati iye anazindikira chaka choyamba chomwe. Wina anati amake anamuuza ali mwana, nkumuopseza kuti akadzanena adzamukwapula. A Lazaro, akupukuta misozi, anavomera kuti nkhaniyi inafikapo ngakhale kwa akulu a mpingo, ndipo anagwirizana kuti banja likamayenda bwino sulifunsa kuti likuyendera mwendo uti.

"Ndiye mumatiyamikiriranji?" anafunsa a Lefina, manja m'chiuno, ukali ndi manyazi zitasakanikirana.

"Timayamikira denga, mayi," anatero a Lazaro. "Ndipo a Masautso akamayamikiridwa, amene amamwetulira kwambiri munali inu."

Apo a Lefina anachotsa manja m'chiuno. Zaka zonsezo kutuluka thukuta mu ovolosi, kubisa chinthu chimene mudzi wonse unkawathandiza kubisa! Anayamba kuseka, misozi nkumatsika, osadziwa kuti ikuchokera mbali iti.

A Masautso anali akadali pamwamba, maso chitsinzinire. "Frazer, uli pomwepo?"

"Ndilipo, malume."

"Ine ndine nkhoswe yako, ndiye umve. Mkazi wako anafolera fodya tsiku limodzi, iwe wathawa ndi wailesi. Wanga wakhala akufolera ine moyo wanga wonse, ndipo lero anali wokonzeka kugonja pagulu, munthu amene sagonja ngakhale kwa dokotala. Ukapeza wotere suthawa, mwana iwe. Umagwira makwerero. Pita ukatenge njinga yako."

Frazer anaimirira, anakanda m'mutu, anayenda mpaka pamene panali Nthanda, nanena china chake chimene palibe anamva. Nthanda anamuyankha mokweza kuti buluku lake lija salibweza, limamukhala bwino. Mmene anthu amaseka, Frazer anali atakhala kale pamphasa yomweyo.

"Tsono mlandu wapambana ndani?" anafunsa wina.

"Ife," anatero a Lefina.

"Munavomera kugonja, anthu onse amva!" anatero mawu a pamakwerero. "Mayi a Chikhumbo, zimenezo tikambirana. Koma poyamba nditsitseni."

Anawatsitsa mwendo umodziumodzi, monga kale.

Nkhuku inaperekedwa ndithu, koma wopereka anali a Masautso, kupereka kwa akazi awo tambala wawo wamkulu, ndipo anamunyamula okha kuchokera kukhola mpaka kukhitchini, chikwama m'khwapa. Za amene anapambana akukanganabe mpaka lero, ndipo ana oyandikana nawo akubwerabe ndi timipando. Chasintha nchakuti masiku ano mukadutsa kuseri kwa mitengo ya bulugamu nyengo yofolera, muona mayi wamfupi pamwamba, wa chitenje chowala, ali ndi chipewa chachikulu. Pansi, poyera, pamakhala bambo wa jekete lakuda akuponya mitolo ya udzu, nkumauza aliyense wodutsa kuti awo ali pamwambawo ndi akazi awo.

Koma chimene a Lefina amakumbukira kwambiri si kuseka kwa tsiku lija. Ndi madzulo ake, atabwerera kunyumba. Anaika mbale ya futali patebulo, nkuima pakhomo ngati akuyang'ana nkhuku. Kumbuyo kwawo anamva supuni ikugunda mbale, ikugundanso, mpaka kukanda pansi pake.

"Mayi a Chikhumbo," anaitana a Masautso, "ziphuphu zija zatsalako?"